Kapu ya Bwana Wachiwiri

"Chikwama patebulo, foni m'bokosi," anatero mlonda wa pageti, amene onse ankangomuti Chipewa chifukwa chipewa chake cha ntchito chinkamufika m'makutu.

Make Mapasa anaponya m'bokosimo kafoni kake ka mabatani, komanga ndi mphira.

"Lero mundisecha ndi m'tsitsi momwe, achimwene?"

"Musaseke, mayi. Dzina lanu lili m'kamwa mwa mabwana. Akuti chikalata chija mwachitulutsa ndinu."

Nkhani yake inali yotere. Lachiwiri nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha chikalata cha ofesi yawo, ofesi yosunga zinsinsi za boma. M'chikalatamo munali mayina a anthu amene ofesiyo inkawamvetsera akamayankhula pa foni. Chinasindikizidwa kasanu kokha, cha mabwana asanu, chilichonse ndi nambala yake pakona, koma wojambulayo anapinda konayo. Tsopano kunabwera komiti ya aphungu kudzafufuza, ndipo Bwana Wachiwiri anali atalemba kale lipoti loti wolowa m'zipinda zonse zisanu ndi mmodzi yekha: mayi wa tiyi.

Make Mapasa anali atawiritsa tiyi pamenepo zaka zitatu. Ntchito imeneyi ndi imene inkagula mkaka ndi matewera a ana awiri oyamba kumene kuyenda. Ikatha, ndiye kuti zonse zathera pomwepo, mwinanso ndi unyolo m'manja.

Kukhitchini anapeza mlembi wa Bwana Wamkulu, Anti Mataipi, atatambasula nyuzipepala pafupi ndi ketulo.

"Mwana wanga, pepa. Ine usiku wonse ndimakupempherera."

"Pempherani ndithu, anti, koma sunthani kaye, madzi andiphwera. Tabwerani nayo nyuzipepalayo ndione chimene ndinabacho."

Mawu achizungu a m'chikalatamo sanalimbane nawo. Maso ake anagwera pamunsi pa pepalalo, pamene panali kamzere kozungulira, kotuwa, kosakumana mbali imodzi ngati mwezi wongooneka kumene. Anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kugwira sinki.

"Wapenga kodi?" anafunsa Anti Mataipi.

"Ayi, anti. Ndakumana ndi m'bale wanga m'nyuzipepala. Chizindikiro ichi ndimachipukuta kawiri pa tsiku."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kapu yaikulu yabuluu. Inali ya Bwana Wachiwiri, imene anabwera nayo kuchokera kumaphunziro akunja. Inali yobenthuka kunsi, komanso inali ndi kamng'alu kamene kankadonthetsa tiyi pang'onopang'ono. Make Mapasa anapemphapo katatu kuti aitaye, bwanayo n'kumuuza kuti kapuyo ndi yophunzira kuposa iye. Kambale koikapo kapu ankakakananso, ati n'zachikale.

Nthawi ya teni koloko itakwana, palibe anali atamuuza kuti asiye ntchito, choncho ananyamula thireyi n'kulowa m'chipinda cha misonkhano. Aphungu anakhala mbali imodzi ya tebulo, mabwana asanu mbali inayo. Anagawira aliyense tiyi wake, ndipo pa Bwana Wachiwiri anaika kapu yabuluu pa kambale. Bwanayo, osayang'ana n'komwe, anakankhira kambaleko kumbali monga mwa masiku onse.

"Ndi ameneyu," anatero, akumuloza ndi cholembera. "Anthu otere timawachitira chifundo, koma sadziwa kulemera kwa zinthu za boma."

Wapampando wa komiti, mayi wamagalasi okhuthala, anamuyang'ana Make Mapasa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ikani thireyi pansi, mayi. Chikalata ichi munachionapo?"

"Mapepala ndimawaona ambiri, amayi, koma ine ndimawerenga masupuni a shuga. Awa amamwa atatu, awo adokotala anawaletsa koma amandikodola kuti ndiwonjezere."

Phungu wina anatsamwa ndi tiyi. Bwana woletsedwa shugayo anayang'ana kudenga.

"Yankhani funso!" anakalipa Bwana Wachiwiri. Anamwa tiyi kawiri n'kutsitsa kapu pamwamba pa lipoti lake lomwe lija.

Make Mapasa anadikira pang'ono, monga amadikirira kuti masamba alowerere m'madzi. Kenako anapinda manja mwaulemu.

"Ndiyankha, bwana. Koma tanyamulani kaye kapuyo, ikuwonongerani pepala."

Bwanayo anainyamula. Pa lipotipo panatsala kamzere kozungulira, konyowa, kosakumana mbali imodzi.

"Amayi wapampando, taikani nyuzipepala yanuyo pambali pakepo. Makapu muno ndili nawo khumi ndi awiri. Onse amasiya mwezi wathunthu. Yosiya mwezi woduka ndi imodzi yokha, ndipo sindimwetsera munthu wina aliyense, ndingafe."

Wapampando anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Aphungu anaimirira n'kuunjikana ngati ana oonera kachilombo. 

"Chabwino, chikalatacho n'changa," anatero Bwana Wachiwiri, mawu atayamba kuonda. "Ndiye kuti mayiyu anajambulira patebulo panga."

"Ndinajambula ndi chiyani, bwana? Kafoni kanga kali kwa a Chipewa kugeti, ndipo kalibe diso. Ana anga omwe sindinawajambulepo. Mafoni odutsa pageti paja ndi a inu mabwana basi. Nanga m'chipinda mwanu ndimalowamo inu mulibe? Kiyi mumapita naye ndi kuchimbudzi komwe."

Apa ngakhale Bwana Wamkulu anabisa pakamwa ndi dzanja.

"Bwana," anatero wapampando, "ikani foni yanu patebulo."

"Foni imeneyi ili ndi zinsinsi za boma, amayi."

"Zinsinsizo ndi zimene tabwerera. Ikani."

Dzanja la bwanayo linatenga nthawi yaitali kuti lipeze thumba.

Pofika masana, Anti Mataipi anali akutaipa kalata yoimitsa Bwana Wachiwiri pa ntchito mpaka kafukufuku atatha, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Wapolisi wobwera ndi komitiyo analowa kukhitchini, anaika kapu yabuluu m'pulasitiki n'kumata, ati ndi umboni. Potuluka anapeza Make Mapasa ataima pakhomo, pepala ndi cholembera zili m'manja.

"Pepani achimwene, sainani apa kaye."

"Ndisainire chiyani, mayi?"

"Lembani kuti kapu imodzi yabuluu, yobenthuka, mwatenga ndinu, lero, nthawi yakuti. Muikenso nambala yanu ya ntchito. Nyumba ino kanthu kakatuluka, amayamba ndi wa tiyi."

Wapolisiyo anaseka, anatsamira khoma n'kusaina. Make Mapasa anapinda pepalalo kanayi, analisunga m'thumba la epuloni, n'kuyatsanso ketulo. Tiyi wa folo koloko anali wa mabwana anayi, ndipo tsiku limenelo aliyense analandira kambale kake ndi manja awiri.