Mango a pa tchalitchi cha ku Chiringa

Loyce Namaona, mphunzitsi wa sitandade 5, ndiye anali mlembi wa komiti yomanganso tchalitchi chawo ku Chiringa, chomwe chinagwa ndi madzi a namondwe wa Freddy. Chigwereni tchalitchicho anthu ankapempherera pansi pa mitengo inayi ya mango imene inatsala pabwalo. Njerwa anali ataumba kale, zikungodikira moto, ndipo komiti inagwirizana kuti nkhuni za uvuni zichokere m'mitengo yomweyo, popeza a zankhalango sankalola munthu kukwera phiri la Michesi ndi nkhwangwa.

M'masiku omwewo kunabwera a Elton, akulu awo a amuna a Loyce, amene anakhala ku Joni zaka khumi ndi zinayi. Anthu ankati ankagwira ntchito kwa Ayuda. Loyce sanamvetse. Iye Ayuda ankangowamva m'maulaliki, pamodzi ndi ngamira ndi Afarisi, ndipo sanaganizepo kuti alipo ena oti n'kulemba munthu wa ku Phalombe ntchito yosesa. Loweruka lina masana anapita kukawaona alamu akewo, n'kuwapeza pakhonde akusenda nandolo.

Anawafunsa kaye ngati anthuwo amaphabe nkhosa popemphera. A Elton anaseka mpaka kutsokomola. Anati nyumba yawo yopemphereramo amaitcha sunagoge, ndipo mulibe nkhosa, muli mabenchi ndi mabuku basi. Kutsogolo kuli nyale yaing'ono yomwe siyenera kuzima usana ndi usiku. Magetsi atayamba kuthimathima ku Joni, anthuwo anakana kugula jenereta ya dizilo, m'malo mwake anaika sola padenga. Madzi a mvula ankawakolola m'mathanki n'kumathirira dimba, mbale zapulasitiki zongodyera kamodzi anazisiya, ndipo a Elton ndiwo ankatsuka mbale zadothi mapemphero akatha.

Koma chimene chinamugwira mtima Loyce ndi nkhani ya mtengo wa mapeyala. Pokulitsa chipinda chophunziriramo ana, mtengowo unapezeka kuti uli pomwe padutse khoma. Anthuwo anakhala misonkhano itatu, pamapeto pake khoma ndi limene linakhota.

"Khoma kupatukira mtengo, alamu? Chifukwa chiyani?"

A Elton anati iwo ankangomva kuti ndi lamulo lawo, zambiri sankafunsa, ntchito yawo inali tsache. Koma poona kuti mlamu wawo sachoka, anatulutsa foni n'kunena kuti awafunse yekha mayi Tamar, amene ankatsogolera zimenezo ku sunagogeko. Anachenjeza kuti adikire Lamulungu, chifukwa Loweruka, tsiku lawo la Sabata, mayiwo foni saigwira n'komwe.

Lamulungu ataweruka kumapemphero anaimba. Pafoni panaoneka mayi wa imvi, magalasi ali pamphuno. Loyce anayankhula Chingelezi chake cha m'kalasi, manyazi akumugwira, koma mayiwo anamvetsera bwinobwino. Anafotokoza kuti lamulo lawo lakale limaletsa asilikali kudula mitengo ya zipatso ngakhale ya mudzi umene akuuthira nkhondo, ndipo aphunzitsi awo analikulitsa kuti likhudze chilichonse: kutaya chakudya, kung'amba chovala chabwino, kuyatsa mafuta popanda chifukwa.

"Ngati wa mdani sitiloledwa kuudula," anatero mayiwo, "nanji umene uli pakhomo pa nyumba yopemphereramo?"

Loyce atawauza za mango aja, ankayembekeza kuti amupatsa nzeru. M'malo mwake mayiwo ndi amene anayamba kufunsa. Anali asanaonepo njerwa zikuotchedwa. Ankafuna kudziwa kuti uvuni umatalika bwanji, moto umayaka masiku angati, nanga ndani amaziumba. Loyce atafunsa chimene angaotchere popanda nkhuni, mayiwo anavomera kuti sakudziwa, ndipo anapempha kuti akachipeza adzawauze.

Funsolo linamukhala Loyce m'mutu sabata yonse. Lachinayi, akuchokera kusukulu pa njinga, anadutsa pa chigayo cha mpunga chimene ankachidutsa tsiku ndi tsiku. Kuseri kwake kunali mulu wa mankhusu wotalika ngati nyumba, ukufuka utsi mbali imodzi, pakuti mwini chigayo ankangowatentha kuti achepe. Loyce anatsika, n'kuyandikiza dzanja. Panalibe lawi, koma kutentha kwake kunamubweza m'mbuyo. Anakhotera kwa a Sitima, mmisiri amene anapatsidwa ntchito yomanga tchalitchicho, kukafunsa ngati moto wotere ungapsetse njerwa. A Sitima anakanda chibwano n'kunena kuti anaonapo anthu akutero cha ku Chilwa ali mnyamata, kungoti zimachedwa, ndipo iwo anali asanayesepo.

Pa msonkhano wa komiti, Loyce anafotokoza zonse kuyambira pa mtengo wa mapeyala. A Laston, wapampando, anamvetsera atapinda manja.

"Ndiye tayamba Chiyuda tsopano, amayi alembi?"

Ena anaseka. Loyce anayankha kuti sanabweretse chipembedzo, wangobweretsa funso. Mayi Belita, amene sankayankhulayankhula pa misonkhano, anafunsa m'Chichewa chawo chopendekera ku Chilomwe kuti mitengo ya mangoyo ikagwa mwezi uno, anthu azikhala pati pomwe khoma lisanafike ngakhale m'chiuno. Zimenezo palibe amene anali ataziganiza. A Laston analola kuti ayese uvuni umodzi waung'ono, koma mtengo wa kumadzulo, umene unali utayamba kale kuuma, anati udulidwe ndithu kuti pakhale nkhuni zoyatsira.

Mwini chigayo anakondwa kuti zinyalala zake zapeza wozichotsa. Amayi anatuta mankhusu m'matumba, abambo pa njinga. Uvuni woyambawo unafuka masiku asanu ndi anayi, ndipo Loyce ankapita m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi kukagwira khoma lake. Atauphwasula anapeza njerwa zam'kati zitapsa bwino, zolira ngati chitsulo ukazigogoda, koma zakunja zinali zosapsa, zongofumbutuka m'manja. A Sitima anakhala pansi n'kumazitembenuza imodziimodzi, kenaka anati mipata anaipanikiza kwambiri. Wachiwiri anausanja motalikitsa mizere, n'kumata dothi lochindikala kunja, ndipo zowonongeka zinali zochepa.

Kuchedwako kunali ndi zowawa zake. Mvula inagwa denga lisanakwere, ndipo dzinja lonse anthu anapempherera m'kalasi ya Loyce, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. A Laston sankalephera kukumbutsa Lamulungu lililonse kuti nkhuni zikanatha ntchitoyo kalekale. Tchalitchi chinatsegulidwa mu Julayi, mitengo itatu ili chiimire.

Pofika chilimwe chotsatira, a Sitima anali ataitanidwa kale m'midzi iwiri kukasanja mauvuni a mankhusu, ndipo mwini chigayo uja, ataona ngolo zikubwera m'mamawa kudzatuta mankhusu aulere, anamanga mpanda wa bango kuzungulira mulu wake.