Dzina la pa Geti

Mu saluni ankamutchula kuti Apolisi. Dzinali anamupatsa ndi mnzake wometa, poona mmene ankalondera mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Foni mwanayo sankaigwira popanda mayi ake pambali. Magemu aja ochezera ndi anthu osawadziwa anawafufuta onse, ndipo nambala yotsegulira foni ankaisintha Lolemba lililonse.

Kusukulu nako anaikako loko. Ntchito ikamupanikiza ankatuma wanjinga yamoto kukatenga mwana, ndiye anapangana ndi mlonda wa pa geti kuti aliyense wodzamutenga aziyamba watchula dzina la kunyumba. Dzinalo m'kaundula wa sukulu munalibe. Kupatula mlonda ndi wanjinga wotumidwayo, ankalidziwa ndi iye, bambo a mwanayo ndi mchemwali wake basi: Kachiwala, poti mwanayo kuyenda sankakudziwa, kwake kunali kudumpha.

Lachinayi limenelo anali kuluka namwino wina, kasitomala wa tsiku loyamba, wamutu wosachedwa kumva kuwawa. Pofuna kumuiwalitsa ululu, anamupatsa foni kuti aziona masitayelo pa tsamba lake la bizinesi. Ambiri mwa masitayelowo anali pamutu pa mwana wake. Tsitsi la mwanayo linali lofewa, lomvera chipeso, ndipo sitayelo iliyonse yatsopano ankayamba waiyesera pamenepo Lamlungu madzulo, n'kujambula kavidiyo m'mawa mwake mwana atavala kale yunifolomu.

Foni inalira kuti kwabwera uthenga. Namwino uja anati aibweze, koma dzanja lake linaima m'malere.

"Achemwali, ameneyu ndi ndani? Chithunzi ichi ndi changa."

Apolisi anaseka, nati ameneyo ndi mayi wina wake amene akhala akucheza naye milungu itatu, wofuna kudzalukitsa mwana wake. Namwino anapukusa mutu, mangongo osamaliza akugwedera. Anati chithunzicho anajambulitsa pa ukwati wa mng'ono wake chaka chatha, dzina lili pansi pakelo salidziwa, ndipo iye mwana wamkazi alibe.

Apolisi analandira foni ndi zala zamafuta. Anabwerera kumayambiriro kwa machezawo n'kuyamba kuwerenga. Munthuyo anayamikira maluko. Anati kamwanako n'kokongola. Anafunsa ngati yunifolomu yabuluuyo ndi ya sukulu ya kuseri kwa msika, poti nayenso akufuna kulembetsako wake. Anafunsa nthawi yowerukira, ati kuti adzabwere mwanayo ali pa saluni, adzaone sitayeloyo ndi maso. Ndipo iye, Apolisi, anayankha zonse mwaulemu, poopa kutaya kasitomala. Milungu itatu yathunthu, munthuyo mtengo sanafunseko ngakhale kamodzi.

Uthenga wa lero unali waufupi: kodi lero muli otanganidwa?

Anatsegula kavidiyo ka Lolemba, kaja kamene anthu anakakonda kwambiri, n'kukweza mawu. Mwana wake anali ataimirira pakhomo, chikwama kumsana, baji ya sukulu pachifuwa. Kuseri kwa kamera kunamveka mawu a iye mwini, osangalala: "Tatembenuka, Kachiwala, anthu aone kumbuyo."

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi zisanu ndi zinayi kuti ikwane 12 koloko, nthawi yoweruka ana kusukulu.

Wometa uja anayamba nthabwala zake, ati Apolisi agwira wakuba, koma ataona nkhope yake anazimitsa makina. Mayiyo anaimbira mlonda. Foni inaitana mpaka kuduka. Anakumbukira kuti nthawi yoweruka mlonda amaisiya m'kanyumba kake. Anatuluka chipeso chili m'manja, epuloni ili m'khosi.

Msewu wa kumsika unali wodzaza. Anadutsa pakati pa wilibala ndi galimoto yotsitsa makatoni, wina n'kumutukwana, iye osacheuka. Patapata imodzi inaduka pa ngalande, anaisiya pomwepo. Belu la sukulu analimva adakali pa shopu ya matayala.

Atakhota pa ngodya anaona geti lotsegula, ana akutuluka ngati njuchi. Cha kumbali kunali njinga yamoto yosazimitsa, woyendetsa atavala chisoti chotseka nkhope yonse. Mlonda anali kubwera kuchokera m'kati, atagwira dzanja la mwana wamaluko a Lolemba. Mwanayo anali kudumphadumpha.

Mayiyo anakuwa dzina la m'kaundula, lonse lathunthu, lija amaitanira mwanayo akalakwa. Mwana anaima nji. Chisoti chija chinatembenuka, chinamuyang'ana mayiyo kanthawi, kenako njinga inanyamuka pang'onopang'ono ngati palibe chachitika, n'kulowa m'chigulu cha magalimoto. Nambala yake inali yopakidwa matope.

Mlonda, bambo wachikulire wa mtima wabwino, anadabwa kuona mayi wa phazi limodzi lopanda nsapato atagwada pa fumbi, atafungatira mwana. Anafotokoza kuti iye sanalakwitse chilichonse. Munthuyo ananena kuti mayi atanganidwa kusaluni, ndipo dzina analitchula bwinobwino, mosadodoma.

"Ndikudziwa, bambo," anatero mayiyo. "Ndinamupatsa ndine."

Ali chogwada pomwepo anayamba kufufuta mavidiyo, limodzi limodzi, chala chikuterereka. Atafika pa ka Lolemba anaona kanambala kakang'ono pansi pake: anthu makumi anayi ndi mmodzi anali atakatumiza kale kwina. Anafufuta kake. Enawo analibe nawo pogwira.

Kuofesi ya ahedi anasonyeza mauthenga onse, ahedi n'kuimbira apolisi enieni. Podikira, mlonda anafunsa ngati aike dzina lina. Mayiyo anati ayi, mayina atha. Kuyambira mawa mwana azituluka pokhapokha mlonda ataona nkhope ya mayi ake kapena ya bambo ake, kaya pa mpando wa ku saluni pali mutu wosamaliza kuluka.

Pobwerera ananyamula mwanayo kumsana, ngakhale anali atakula kale, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo. Njinga iliyonse ikamveka kumbuyo, mayiyo ankapatukira kukhoma, n'kudikira kuti idutse.