Mkaka wa Opopera Fodya

"Nanga akawachotsa ntchito, ife tilowera kuti?" anafunsa mayi Faines.

Amuna awo, a Gideoni, anali chigonere pabedi m'chipatala cha mishoni, dovu likuchucha, manja akunjenjemera. Nditawakanula zikope ndinaona kuti mboni za m'maso zachepa ngati njere za fodya.

Ine n'kuti nditangomaliza maphunziro a zaumoyo, boma litanditumiza ku Dowa kuti ndiziyendera malo a ntchito. Esiteti imene a Gideoni ankapoperako mankhwala, kuseri kwa Madisi, inali ya munthu wamkulu m'chipani. Dzina lake tinkalitchula titayang'ana kaye kukhomo.

Manijala wa esitetiyo, a Felton, anaima kumiyendo kwa bedi, baji ya chipani ikuwala pajekete.

"Wazifuna yekha," anatero. "Wopopera aliyense akaweruka timam'patsa kapu ya mkaka kuti utsuke poizoni m'mimba. Ndi mphatso ya bwana mwini esiteti imeneyo. Koma uyu samwa. Amathira m'botolo n'kupita nawo kwawo."

"Ndi wa mwana," mayi Faines anayankha maso ali pansi. "Bere langa linauma."

"Mwadzimvera nokha, adona a digiri," a Felton anandiuza. "Munthu wonyoza lamulo tim'sungirenji? Wofuna ndalama ndani, ife kapena iye?"

Kumundako ndinali nditapitako dzulo lake. Ndinaona amuna akutakasa mankhwala mumgolo ndi mkono, chifukwa ati ndodo simva zibuluma. Thanki ya a Gideoni inkadontha, malaya ankakhala onyowa kumsana kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Maovololo ndi magolovesi analipo ndithu, opindidwa bwino m'sitolo. Ankatuluka tsiku lobwera alendo, akapita n'kuwabwezera.

Ndinkadziwa kuti mphatso ya bwana siitsutsidwa. Ena anapita kukagona kundende pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Koma ndikanakhala chete, banjali likanasamutsidwa m'nyumba ya pa esiteti sabata yomweyo, katundu pamutu.

"Pepani, a manijala," ndinatero. "Ngakhale akanamwa ndowa yonse, akanagonabe pompano. Mankhwalawa sanalowere pakamwa. Alowera pakhungu, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka thupi lalephera kuwachotsa. Mkaka sufika kumeneko."

"Ndiye mukuti mkakawo ndi wachabe?"

"Kwa mwana ndi chakudya. Kwa wopopera si mankhwala. Chowateteza ndi zovala zili m'sitolo zija, sopo, ndi kukonza mathanki."

Namwino anapeza chochita kubedi lina. A Gideoni anayesa kudzutsa mutu.

"Ndizimwa, bwana," anatero lilime likulemera. "Kuyambira lero ndizimwa."

"Gona iwe, wamva zimene anena ophunzira," a Felton anaseka. Kenako anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse. "Tabwerezani bwinobwino, mayi, ndikafotokoze zolondola kwa bwana. Akanamwa, sizikanathandiza?"

"Sizikanathandiza."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye kuti sanalakwe. Akachira abwerere pa thanki yake."

Mayi Faines anagwada n'kuwomba m'manja, kuthokoza iwo, kuthokozanso ine. Botolo lija linkaonekera m'thumba lawo, lotsukidwa kale, kudikira Lolemba. Ine ndinayambanso kunena za maovololo, koma a Felton anali atavala kale chipewa. Atafika pakhomo anacheuka.

"Mukawauze anzanu onse kumidadada," anauza mayi Faines. "Kuyambira Lolemba, mkaka kulibe."