Mpando wa mu Situdiyo ya Bambo

Mu situdiyo ya Bambo munali mpando umodzi wokha. Unali wa khushoni yofiira, wokhala ndi potsamiritsa mikono, ndipo mwendo wake wina unali waufupi moti tinkaikapo kachidutswa ka katoni kuti usamagwedere. Kumbuyo kwake kunali chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa, nyumba yoti palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anagonamo. Mpaka lero ndikamva fungo lofanana ndi la mankhwala otsukira zithunzi, mtima umathamangira m'kachipinda kaja.

Mabanja onse Bambo ankawajambula mofanana, ndipo sankafunsa maganizo a munthu. Mwamuna pampando, manja pamaondo. Mkazi chilili kumbuyo, dzanja paphewa la mwamuna wake. Ana aamuna m'mbali, ife aakazi pansi pakapeti. Bambo wa pabanjapo akakhala kuti anamwalira, pampando pankakhala mwana wamwamuna, ngakhale wamamina, miyendo ili lendelende, mayi ake ataima kumbuyo ngati mlonda. Mkazi ankakhalapo pokhapokha amuna atatheratu m'nyumbamo.

"Nyumba imadziwika ndi mutu wake," ankatero Bambo akusuzumira mu kamera. "Mayi, lowani kumbuyo kwa mpandoko, abambo aoneke bwino."

Ndipo anthu ankatuluka akusangalala, ndisaname. Ine ntchito yanga inali kuwongola makolala ndi kupukuta ana kumaso, kenako n'kukathandiza Amayi m'chipinda chamdima. Mmenemo, pansi pa babu lofiira, nkhope za anthu zinkatuluka pang'onopang'ono papepala m'beseni, Amayi akuimba chapansipansi. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Kamera yokha ndi imene sindinkaloledwa kuigwira. Inkadikira mchimwene wanga Tsinzina, amene dzinali analipata chifukwa chotseka maso pachithunzi chilichonse. Woyamba kubadwa ndine, koma Amayi ankaitanidwa kuti amake Tsinzina, ndipo ine sindinkaonapo chachilendo mpaka nditakula.

Mafoni atabwera, makasitomala anayamba kuthothoka ngati tsitsi la Bambo. Tsinzina anapita kukayendetsa malole, kamera ija osaicheukira n'komwe. Mapeto ake mwini nyumba anati akufuna kuikamo saluni, ndiye ndinapita kukathandiza makolo anga kulongedza katundu.

Nthawi imeneyo n'kuti miyendo ya Amayi itayamba kutupa, akuyendera ndodo. Anakhala pakatoni pafupi ndi chitseko n'kumasanthula zithunzi zathu zakale.

"Taona," anandiitana. "Apa ndili theka. Apa chipewa cha bambo ako chandidya chibwano. Apa ndiye laoneka ndi dzanja lokha. Tsiku limene ndidzatsikire kulichete mudzapachika chiyani pakhoma, dzanja?"

Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke.

"Chinsalucho musanachitsitse, ndikufuna chithunzi chimodzi ndili wathunthu. Pampandopo."

Bambo, amene ankakulunga mawaya a magetsi, anasiya n'kuwayang'ana. "Amake Tsinzina, zimenezi mwayamba liti? Imani apo ndikujambuleni bwinobwino."

"Kuima ndiye sindingathe. Miyendoyi mukuiona."

"Pampando uwu sipanakhalepo mkazi mwamuna wake ali moyo. Anthu akadzaona chithunzicho adzati ndinafa."

"Ndiye muime kumbuyo kwanga, aone kuti muli moyo."

Ine mtima unkandipweteka, chifukwa Bambo ndinkawadziwa: akakana akana, ndipo mawa lake kunkabwera galimoto yodzatenga zonse. Sanali munthu wankhanza ayi. Amayi akadwala ankawapikulira okha madzi osamba. Kungoti mmene anapezera dziko ndi mmene ankalijambulira, ndipo sanaganizepo kuti wina angatope nazo.

Anayang'ana mpando, anayang'ana ndodo ya Amayi. Kenako anavula lamba wa kamera m'khosi mwawo n'kundikoleka ine.

"Usagwedeze," anatero. "Ndipo usaigwetse, ndi ya Tsinzina imeneyi."

Amayi anakhala m'mphepete mwenimweni mwa khushoni ngati mlendo wodikira kuuzidwa kuti adutse. Mpando umenewu anaupukuta fumbi moyo wawo wonse, koma thupi linali lisanauzolowere.

"Tsamirani, Amayi," ndinawauza. "Mikono muike apo."

Anatsamira pang'onopang'ono, n'kukonza duku. Bambo anakaima pambali, manja akusowa powaika. Anayesa m'thumba, anayesa kumbuyo. Amayi anangogwira dzanja la Bambowo n'kuliika paphewa pawo.

"Bambo," ndinatero, "lowani kumbuyo kwa mpandoko, Amayi aoneke bwino."

Anandiyang'ana ndi diso lija ndinkaliopa ndili mwana, koma anasuntha. Ine ndinachedwa kwambiri. Ntchitoyi ndinkaidziwa ndi maso okha, zala zinali zachilendo, komanso misozi inkanditchinga.

"Fulumira iwe," anadandaula Bambo. "Miyendo ikuwawa kuno."

Amayi sanatembenuke n'komwe. "Imawawadi, abambo," anatero. "Inu ingomwetulirani."

Ndinadina pomwepo.

Amayi anatisiya chaka chisanathe. Chithunzi chija chili pabalaza panga, mufelemu yakuda. Chinapendekeka pang'ono, poti kakatoni ka kumwendo kaja tinali titasesa kale, koma Amayi alipo athunthu, kuyambira duku mpaka nsapato, akuseka mano onse pamtunda. Duku lawo linadya chibwano cha Bambo. Bambowo akabwera kudzandiona safulumira kukhala pansi. Amapita pachithunzipo n'kuima nthawi yaitali, atatsamira ndodo imene inali ya Amayi, ngakhale kuti m'nyumba mwanga mipando ilimo yambiri.