Kiyi wa Mkwatibwi

Tsiku limene galimoto ija inafika pa galaja yathu ku Athi River, m'dziko la Kenya, tonse tinasiya ntchito. Inatsika m'lole yotseka itafunditsidwa nsalu yoyera, mzungu wina wamfupi akuyenda pambali pake n'kumakalipira aliyense woyandikira. Amakanika a ku Kenya anaphulika nako kuseka. Amalume anga a Jobe anapukuta manja pa ovololo n'kuti, "Eya, mkwatibwi wafika." Dzinalo linakhazikika pomwepo.

Kunena zoona, inali yokongola moti munthu unkachita nayo manyazi. Inali yofiira, yaifupi kulekeza m'chiuno mwanga, ya mipando iwiri yokha. Injini ya petulo inali kumbuyo kwa mipando, ndipo inkathandizana ndi mamota a magetsi ndi batire lalikulu lobisika pansi. Inali haibulidi ya mpikisano, ya mtundu wa Orvetta. Ikamanyamuka inkayenda ndi magetsi okha, mwakachetechete ngati mphaka, kenako injini n'kudzuka yokha ikafuna.

Ine ndine Modesta. Pa galaja yonseyo, ndine ndekha amene ndinali ndi satifiketi yogwira galimoto za magetsi amphamvu chotere. Koma amene anandiphunzitsa kugwira sipanala ndi amalume a Jobe, mlongo wawo wa mayi anga. Ndiwo anandichotsa ku Ndirande ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kundipatsa chipinda m'nyumba yawo ya lendi ku Roysambu, konkuno ku Kenya. Anali atakonza injini zaka makumi atatu. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuikhudzitsa pa injini, chogwirira n'kuchiika pa khutu, ndipo ankakuuza chodwala galimoto kompyuta isanayake n'komwe. Galu wamkota sakandira pachabe. Koma pepala analibe, ndiye kwa mkwatibwi anali ngati munthu wongodutsa mumsewu.

Mzungu wamfupi uja anali a Davide, otumidwa ndi kampani yopanga galimotoyo ku Ulaya. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa n'kutilalikira m'Chingerezi.

"Galimoto iyi sitinabwere nayo kudzagulitsa," anatero. "Timapanga mazana atatu okha pa chaka, ndipo phindu lake silikwana n'kulipira akatswiri amene anaiganiza. Koma bambo wina akaiona ku Karen, dera la anthu olemera lija, amapita kunyumba mtima uli dyokodyoko, mwezi wamawa n'kubwera kudzagula kagalimoto kathu ka banja chifukwa kali ndi chizindikiro chomwechi pamphuno. Batire ili mudzalipeza m'galimoto wamba pakatha zaka zisanu. Komanso kwathu malamulo a utsi akhwima, popanda magetsi sitingapangenso galimoto zothamanga. Iyi ndi nkhope ya kampani. Nkhope siikhala ndi chipsera."

Ndinagwedeza mutu ngati wina aliyense. Mumtima ndinkati, galimoto yosanyamula ngakhale thumba la makala, anthu akuluakulu n'kumaigwadira chonchi! Koma ndisaname, ndinanyada pamene a Davide anandiponyera kiyi pamaso pa amuna onse aja.

Lamulo la kiyiyo linali limodzi, ndipo ndinalisainira. Kiyi amakhala m'thumba la munthu wa satifiketi. Wina asanalowetse dzanja mu injini, wa satifiketiyo azimitse yekha galimoto, aone kuti kanyali kobiriwira ka pa dashibodi kazima, kiyi akamuike kutali. Chifukwa chake n'chakuti haibulidi ikakhala chete sikuti yazima. Imangogona diso limodzi lili tong'o.

Mlungu wachiwiri mkwatibwi anapita kokaonetsedwa pa sitolo zikuluzikulu za ku Karen, ndipo anabwerako ndi kaphokoso. Kanali kakang'ono, kakuti tiki-tiki-tiki injini ikamalira pang'onopang'ono. Loweruka kunali chionetsero chachikulu, mabwana oitanidwa ndi makalata, ndipo a Davide anafuna kuti kaphokosoko kathe. Ndinalumikiza kompyuta Lolemba, siinapeze kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika Lachitatu a Davide anali atayamba kundiyang'ana ngati munthu amene analakwitsa posankha, ndipo ndinawamva pa foni akutchula za katswiri wina wa ku Johannesburg. Mtima unandiwawa kwambiri.

Masana a Lachitatu lomwelo, anthu onse atapita kukadya kuseri kwa mpanda, ndinapita pomwe amalume ankamasula mabuleki a pikapu.

"Amalume, tabwerani mudzangomvetsera. Osagwira ayi, kungomvetsera basi."

Anandiyang'ana akumwetulira. "Kompyuta yako yagonja, Mode? Sawa, chabwino, tiye tikamuone mkwatibwi."

Titafika, ndinatsegula chivundikiro cha kumbuyo. Amalume anatulutsa sikuludiraiva yawo, kenako anatambasula dzanja lamanja, osandiyang'ana n'komwe.

"Bweretsa kiyi."

Pamenepa ndi pamene pali nkhani yonse. Dzanja limenelo lakhala likunditambasukira kuyambira ndili mwana. Bweretsa sipanala, bweretsa madzi, bweretsa lipoti la kusukulu. Sindinayambe ndalisiya m'malere. Kwathu mwana wa mlongo sauza amalume ake kuti lamulo silikulolani. Mawu akuti ayi anafika pakhosi n'kubwerera. Ndinatulutsa kiyi m'thumba n'kuwapatsa, ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono monga anandilerera mayi.

Analowa movutikira, akudandaula kuti mpando wake uli ngati wakhala pansi, n'kuliza injini. Anatuluka, kiyi ali m'thumba la ovololo, n'kuika sikuludiraiva apa ndi apo, maso atatsinzina. Sipanathe mphindi zitatu.

"Ndi kachitsulo kogwira paipi, kumunsi uku pafupi ndi lamba wa injini. Bawuti yake yakhwefuka. Masiku atatu, Mode, chifukwa cha bawuti imodzi! Tatenga sipanala ya teni."

Ndinaseka, mtima utagwa pansi, n'kutembenuka kupita ku bokosi la zida. Ndili m'njira ndinamva injini ikuti zii. Batire linali litadzaza, ndiye galimoto inazimitsa yokha injini monga imachitira. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Amalume, kwa zaka makumi atatu, injini yachete inali injini yozima. Analowetsa dzanja kuti akhudze bawuti ija.

Ndinatembenuka sipanala ili m'manja, ndikukuwa kuti amalume dikirani. Injini inadzuka ndisanamalize.

Sanalire. Anangokhala pansi pa simenti atagwira mkono, akuyang'ana dzanja lawo modabwa. Lamba anali atadula zala ziwiri, cholozera ndi chapakati. Kanyali kobiriwira kanali chiyakire. Ndinazimitsa galimoto, ndinamanga dzanjalo ndi mpango wanga wa kumutu, ndipo mmodzi wa madalaivala athu anatithamangitsira kuchipatala. Njira yonse amalume ankangobwereza kuti, "Koma inali itazima. Ndinaimva ndekha, inali itazima."

Lachinayi m'mawa a Davide anandiitana mu ofesi. Anafunsa za amalume, ndipo ndikukhulupirira kuti chisoni chawo chinali chenicheni. Kenako anakankhira fomu patsogolo panga.

"Likulu la kampani likufuna lipoti mawa. Galimoto inachita zomwe inapangidwira, ilibe mlandu, ndipo mawu akuti Orvetta yadula munthu zala asamveke paliponse Loweruka lisanafike. Chatsala ndi funso limodzi. Kiyi anafika bwanji m'thumba la munthu wopanda satifiketi?"

Anandifotokozera mosabisa. Ngati amalume anatenga okha kiyi ine kulibe, ndiye kuti anaswa lamulo, ntchito yawo yatha, ndipo chilolezo chawo chokhalira ku Kenya chitha nayo limodzi. Ngati ndinawapatsa ine, ndiye kuti anavulala pa ntchito imene wowayang'anira anawatuma. Kampani iwasamala ndi kuwapezera ntchito yopepuka mosungira zida. Koma satifiketi yanga ilandidwa, ndipo sindidzagwiranso galimoto ya mtundu wawo kulikonse.

"Palibe anaona," anatero a Davide akuyang'ana pawindo. "Ndipo mwezi wa Okutobala tinkafuna kukutumiza ku fakitale kukaphunzira. Ganiza bwino."

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo, koma sindinadziwe womukwiyira. Mkwatibwi anali pakona pake atafunditsidwanso nsalu, wina atapukuta kale magazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzulo ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita kuchipatala. Ndinawapeza amalume atatsamira pilo, dzanja litakulungidwa mabandeji ngati mutu wa mwana. Nditawauza za fomu ija, sanaganize kawiri.

"Ulembe kuti ndinatenga ndekha. Unapita ku toileti, kiyi unasiya pa benchi."

"Amalume, si mmene zinakhalira."

"Ndikudziwa mmene zinakhalira, ndinalipo. Tamvera, Mode. Ine ndatha kale. Ngakhale pamene zala zinalipo, galimoto zake zatsopanozi zinali zitandisiya kale m'mbuyo. Ndikakhala ku Ndirande, ndizikakonza maminibasi ndi dzanja lamanzere, hakuna shida, palibe vuto. Iwe ndiwe mtsikana yekha mu East Africa muno wa pepala limenelo. Ukufuna zala zangazi zipite pachabe?"

"Ndiye ndikhale ndi pepala, inu mutachotsedwa ngati wakuba?"

"Madzi akatayika saoleka. Ndakuuza, ulembe. Sindikukupempha ayi."

Anatambasula dzanja lamanzere kuti ndiwapatse kapu ya madzi, ndipo ndinawapatsa ndi manja awiri. Ndili m'matatu pobwerera, pakati pa mzere wa magalimoto wa pa Thika Road, ndinalira osasamala amene akundiona. Ndinkaifuna fakitale ija. Ndinkaifuna kwambiri moti ndinachita mantha ndi mmene bodza la amalume linkakomera m'makutu mwanga. Ndikanalemba, ndikanatha kudziuza moyo wanga wonse kuti ndinangomvera akulu. Koma Lachitatu nalonso ndinangomvera akulu.

Lachisanu ndinadzaza fomu ndili chiimire pa benchi yanga. Ndinalemba kuti ndinawaitana ndine, kiyi ndinawapatsa ndine, ndipo ndinatembenuka kanyali kakuyaka. A Davide anawerenga kawiri, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ukudziwa chimene wachita?"

"Ndikudziwa, bwana."

Ndinaika kiyi patebulo pawo, pamodzi ndi magolovesi anga a labala. Asanandilole kutuluka anafunsa, mwamanyazi pang'ono, ngati kaphokoso kaja kanapezeka. Ndinawauza kuti ndi bawuti ya kachitsulo kogwira paipi, sipanala ya teni, ndipo amene anaipeza ndi a Jobe. Katswiri wa ku Johannesburg anafika masana omwewo, n'kuimanga m'mphindi imodzi.

Loweruka mkwatibwi anaonetsedwa ku Karen. Ndinaona zithunzi pa foni: mabwana atanyamula matambula a vinyo, ana awo akujambulitsa pafupi ndi chitseko chotsegukira m'mwamba. Akuti mlungu wotsatira anthu anadzaza kudzafunsa za kagalimoto ka banja kaja. A Davide sananame, galimotoyo inagwira ntchito imene inabwerera. Ine anandibweza ku mabuleki ndi kusintha oyilo, pa benchi yomwe amalume anasiya.

Lolemba ndinapita kukawatenga kuchipatala. Anali atamva kale kwa anzawo. Sanandilonjere. M'takisi anakhala kutsogolo, akucheza ndi dalaivala m'Chiswahili za mitengo ya petulo, ine kumbuyo ndi chikwama chawo pamiyendo. Tinakwera masitepe a nyumba ya ku Roysambu mpaka pa nsanjika yachitatu. Pakhomo anaima n'kutembenuka.

"Unandikanira, Mode."

"Eya, amalume."

"Chibadwire sunandikanirepo."

"Ndinayenera kukukanirani Lachitatu. Ndinachedwa."

Anandiyang'ana, ndipo sindinadziwe ngati m'maso mwawo munali mkwiyo kapena china. Kenako, mwachizolowezi, anatambasula dzanja lamanja kuti ndiwapatse kiyi wa pakhomo, monga ankachitira tsiku lililonse tikaweruka. Dzanjalo linali lendelende pakati pathu, loyera ndi mabandeji, lopanda zala zogwirira kiyi. Tonse awiri tinaliyang'ana.

Ndinawadutsa, ndinatsegula ndekha, n'kuima pambali kuti alowe.