Mzere Wofiira wa Amake Mapasa

Ana anga, abale, ndi inu aneba a mumsewu muno, tandimverani. Ndikulemba za amake mapasa, akazi anga, amene anatisiya chaka chatha. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukaona polakwika ingodumphani, nkhani yake ndi yomweyo.

Ine ndine telala, ndipo mwendo wanga wamanzere ndi wofooka chibadwire. Amake mapasa anali ochapa zovala za anthu, manja awo anali amphamvu kuposa anga. Tivi yathu yachimimba ija anabwera nayo okha, atasenza pamutu. Eriyo tinaimangirira pamwamba pa paipi yaitali kuseri kwa nyumba. Mphepo ikawomba paipi imatembenuka, pa tivi n'kudzaza nyerere zokhazokha. Ndiye iwo amatuluka kukapotokola paipi, ine ndili pawindo pafupi ndi makina anga, kuwauza.

"Pang'ono. Pang'ononso. Mwapitirira."

"Maso anuwo amangodziwa bowo la singano. Nanga apa?"

"Munthu waoneka, koma alibe mutu."

"Mutu aupeza mawa, ine manja atopa."

Tsiku lina atapeza pabwino penipeni, anatenga penti yofiira yotsala pa chitseko, n'kulemba mzere kuchoka pa paipi kufika pakhoma. Anati, "Wosuntha apa adzandidziwa." Kuyambira pamenepo mphepo ikasokoneza timangobwezera mzere pa mzere. Zaka khumi ndi zinayi, choncho.

Atapita iwo, patatha miyezi isanu, a boma analengeza kuti kaulutsidwe kakale ka tivi akuzimitsa, aliyense akhale ndi kabokosi kotchedwa dikoda. Ine ndinati ndi zokamba chabe. M'mawa wina ndikuyatsa, nyerere. Ndinapita kuseri, mzere uli pamalo pake. Ndinabwerera, nyerere.

Mwana wanga wamkazi, wamkulu pa mapasa aja, anabwera ndi dikoda pamodzi ndi wokonza mawailesi. Bamboyo analumikiza zingwe, nyerere zinatha, koma pa galasi panangoti bii. Anatuluka, n'kuyang'ana kumwamba.

"Madala, tivi yanu ndi yamoyo. Koma eriyo ikuyang'ana kumene kulibenso kanthu. Nsanja yatsopano ili mbali iyi. Tiitembenuze."

Anatambasula dzanja kuti agwire paipi. Ndinamumenya padzanja ndi ndodo yanga. Sindinaganize, dzanja linangopita lokha. Pepani bambo inu ngati mukumva izi.

Mwana wanga anati, "Bambo, ndi penti chabe iyi."

"Ndi penti ya amako."

"Chabwino. Koma chimphika chosaonetsa ichi chikungodya malo. Likafika Loweruka lachitatu chili chete, ndidzachipereka kwa ogula zitsulo zakutha, ndikubweretsereni yopyapyala."

Sankanena mwankhanza, iye ndi wotero, anatengera amake. Koma yopyapyalayo ine sindimaifuna. Ndimafuna yomwe inabwera pamutu pa akazi anga.

Milungu iwiri ndinakhala ndi tivi yakuda. Ndinasintha zingwe, ndinapukuta dikoda, ndinaiika pamwamba pa kabati, ndinaitsitsa. Zonse ndinayesa kupatula paipi. Lachisanu lomaliza ndili pa makina, ndinadzifunsa kuti kodi amake mapasa analemba mzere uja chifukwa chokonda khoma? Ayi. Analemba chifukwa chithunzi chinali pamenepo. Akanakhalapo, akanatuluka tsiku loyamba lomwelo, uku akundinena kuti ndine waulesi.

Ndinatuma uthenga kwa mlamu wanga, mng'ono wawo, amene amakhala misewu iwiri kuchoka pano. Anabwera masana.

"Mlamu, khalani pawindo. Lero wopotokola ndine."

"Ndi mwendo umenewo? Mukagwa ine sindikudzutsani, ndingokufunditsani nsalu."

"Inu yang'anani galasi, pakamwa musunge."

Paipi inali itachita dzimbiri. Ndinathira mafuta a makina, ndinatsamira khoma, n'kugwira ndi manja awiri. Mzere utasiyana ndi unzake, misozi inatsika, koma sindinasiye. Ndinazungulitsa mpaka kubwerera pomwe ndinayambira.

"Mwaona chiyani?"

"Nkhope yanga yokha, ndipo yakalamba."

Tinazungulitsa katatu, osaona kanthu. Ife timadikira nyerere kuti ziyambe kuchepa, munthu aoneke pang'onopang'ono monga kale. Kenaka mlamu anati, "Pena pake panaphethira kamodzi, inu mutadutsa kale."

Apo m'pamene ndinazindikira. Kabokosi aka sikadziwa pang'ono. Kamabweretsa chithunzi chonse kapena osabweretsa, ndiponso kamayamba kaganiza kaye. Ine ndimathamanga, kukasiya m'mbuyo. Ndiye ndinayamba kusuntha kachala kamodzi, kuima, kuwerenga mpaka khumi. Kachala kena, kuima. Thukuta linkalowa m'maso. Mlamu anati tipume, ndinakana.

Sindikudziwa kanali kachingati. Ndili pa seveni kuwerenga, ndinamva mawu a munthu m'nyumba mwanga, oyera ngati wakhala pampando.

"Imani pomwepo, mlamu. Musapume n'komwe."

"Ali ndi mutu?"

"Mutu, tayi, ndi chipsera pachibwano."

Chitini cha penti yofiira chinali chitauma kalekale. Ndinapeza yabuluu pang'ono, ndipo ndi bulashi yawo yomwe ija ndinalemba mzere wanga. Wawo sindinaufute. Pakhoma pali mizere iwiri tsopano, yotalikirana ngati chikhatho chimodzi.

Loweruka mwana wanga anabwera ndi galimoto yoti inyamule tivi. Anaima pakhomo, anayang'ana galasi, anapita kuseri, anakhalako nthawi. Pobwera anangoti, "Mzere wanuwo ndi wokhota, bambo. Wa amayi ndi wowongoka." Galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tsiku lidzafika loti ine kulibe, ndipo mudzafuna kupaka khoma lakuseri. Pakani, koma mizere iwiriyo muilambalale. Wabuluuwo ngakhale mutauiwala, palibe mlandu. Koma mwana akadzafunsa za wofiirawo, mumuuze kuti analemba ndi amake mapasa, ochapa zovala, amene ankatuluka pamphepo kuti ife tione. Muziwatchula, chonde, musawasiye.