Kapaipi ka pa Mgolo wa Asetoni

Mu labotale monse ankamutchula kuti Nakaphiri, chifukwa cha kaphiri kamene makina oyezera ankajambula pakompyuta akathiramo mankhwala ake. Kaphiriko ndiko kanali umboni woti mankhwala atsopano a shuga amene ankapanga akutheka. Ukamupatsa moni, yankho linali la kaphiri. Ngakhale bambo ake, amene shuga inali itawadya kale maso ndi chala chimodzi cha kuphazi, ankafunsa za kaphiriko ngati mdzukulu wawo.

Ntchito yake yonse inkayenda ndi asetoni: kusungunulira, kuphikira, kutsukira mabotolo. Ankamupopa mumgolo ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki, kamene aliyense anakapeza pomwepo ndipo palibe ankakayang'ana kawiri.

Tsiku lina kapaipiko kanang'ambika. Nakaphiri anatenga asetoni wa m'botolo lagalasi n'kugwira ntchito monga mwa masiku onse. Kaphiri sikanatuluke. Mzere unangogona pakompyutapo.

"Makinawa akalamba," anatero mnzake wa tebulo loyandikana, pofuna kumulimbitsa mtima. "Kapena mwana wakoyo wapita kutchuthi."

Iye sanaseke. Anabwereza, koma ayi ndithu. Kenako anatola kapaipi kaja m'bini, n'kudulako kachidutswa, n'kukaviika mu asetoni wopanda china chilichonse. Atathira m'makina, kaphiri kanadzuka pamalo pake penipeni, kokongola ngati kale.

Zaka zonsezi ankayeza mafuta ofewetsa pulasitiki amene asetoni ankasungunula m'kapaipimo. Mankhwala ake sanapangikepo n'kamodzi komwe. Anakhala pampando manja ali m'khosi, manyazi ndi mantha atamugwira pamodzi. Sankaona poyambira.

Foni inalira. Anali bambo ake.

"Mayi, ndine," anatero mkuluyo, poti mwana wawoyu ankamutcha mayi. "Adokotala akuti phazi lonse lichoke, bala lakana kupola. Ndawauza kuti asathamange, mwana wanga watsala pang'ono kumaliza mankhwala aja."

"Bambo, chonde, aloleni achotse."

"Iwe, phazi si tsitsi loti limeranso. Tandiuza, kaphiri kathu kaja kali bwanji?"

Nakaphiri anayang'ana pakompyuta, kenako kachidutswa ka pulasitiki kali m'botolo muja.

"Kalipo, bambo. Koma mundimvere kaye..."

"Basi, ngati kalipo ine ndidikira," anatero bambo ake mosangalala, n'kudula foni.